Mohanambal Analakwa Chiyani?

Pakati pa makanema a chinenero cha Tamil, chimene chimayankhulidwa kummwera kwa India, ku Sri Lanka, ku Malaysia ndi ku Singapore, ndi ochepa amene amalemekezedwa ngati Thillana Mohanambal. Kanemayu anatuluka pa 27 Julaye 1968, anaonetsedwa kwa masiku oposa 175, ndipo analandira mphoto ziwiri za dziko lonse la India: ya kanema wopambana wa chinenero cha Tamil ndi ya luso lojambula zithunzi. Zaka zoposa 50 zapita koma mbiri yake sinazilale. Omutamanda amati ndi nkhani ya chikondi chenicheni, cha amisiri awiri amene anapirira zokhoma mpaka anakwatirana. Chitamando chimenechi ndicho tikuchikana. Ife tikuti chimene kanemayu akuonetsa ndi mlandu. Mkazi wosalakwa akuzengedwa ndi mwamuna amene amati amamukonda, ndipo kwa zaka zonsezi oonera akhala akuombera m'manja woweruza wokhotetsa chilungamoyo.

Tisanalowe m'mlanduwo, tipereke ulemu kumene ukuyenera. Nkhaniyi analemba ndi Kothamangalam Subbu, pogwiritsa ntchito dzina loti Kalaimani. Inkatuluka sabata ndi sabata m'magazini ya Ananda Vikatan m'zaka za 1957 ndi 1958, pamodzi ndi zithunzi zojambula pamanja za Gopulu. Umwini wa nkhaniyo unali m'manja mwa S. S. Vasan, mwini magaziniyo komanso mwini Gemini Studios ku Madras, ndipo A. P. Nagarajan, amene anatsogolera kanemayu, anachita kukagula chilolezo kwa iye. Nyimbo anapeka ndi K. V. Mahadevan, mawu ake nalemba Kannadasan. Sivaji Ganesan, amene anasewera ngati woimba chitoliro, sanali woimba chitoliro ayi. Kulira kwa chitoliro kumene timamva kunachokera kwa abale awiri a ku Madurai, M. P. N. Sethuraman ndi M. P. N. Ponnusamy, koma masaya, zala ndi mapewa a Ganesan zimatsata kulirako mwakuti woonera sakhala ndi chikayiko. Padmini anavina mwaukatswiri, ndipo Nagesh, Manorama ndi T. S. Balaiah anaseketsa anthu mpaka misozi. Luso lonseli sitikulitsutsa. Koma akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo ife tikufuna kuung'amba mkuyuwo.

Nkhani yake ili motere. Sikkal Shanmugasundaram, amene anzake amangomuti Shanmugam, ndi katswiri woimba nadaswaram, chitoliro chachitali chamtengo chimene chimalira kwambiri, ndipo chimaimbidwa pa maukwati ndi pa zikondwerero za m'akachisi motsagana ndi ng'oma yotchedwa thavil. Ndi munthu wonyadira luso lake komanso wosachedwa kupsa mtima. Mohanambal, kapena kuti Mohana, ndi wovina gule wa Bharatanatyam. Awiriwa akumana pa chikondwerero cha kachisi wa Azhagar Kovil, pafupi ndi Madurai. Ayamba n'kulozana zala pa nkhani ya luso, kwinaku mitima yawo itagwirizana kale. Mayi ake a Mohana, Vadivambal, safuna kumva za woimba chitoliro. Iwo akufunira mwana wawo munthu wachuma. Pakati pawo palowa Vaithy, tambwali amene amadya potengera atsikana ovina kwa anthu olemera. Amuna atatu achuma amukhumba Mohana: Nagalingam mwini minda, mwana wa banja lolemera la ku Singapuram, ndi mfumu ya ku Madhanpur. Onse atatu Mohana awakana.

Pakati pa nkhaniyi pali mpikisano wa ku Thiruvarur, pomwe Shanmugam aimba ndipo Mohana avina, wina aliyense kufuna kufooketsa mnzake. Palibe agonja. Shanmugam amupatsa Mohana dzina laulemu loti Thillana Mohanambal, potengera thillana, nyimbo yothamanga imene nthawi zambiri imabwera kumapeto kwa guleyu. Pomwepo Nagalingam amulasa Shanmugam ndi mpeni wopaka poizoni. Atachira, awiriwa akumananso pabwalo, ndipo Mohana amufunsa za thanzi lake kudzera m'nyimbo imene anaimba P. Susheela, pamaso pa khamu, popeza kwina kulikonse saloledwa kuyankhulana. Kenaka Vaithy amunyengerera Mohana kupita ku Madhanpur pomuuza kuti Shanmugam nayenso akaimba kumeneko. Mfumu imuuza kuti akhale mkazi wake wamseri. Mohana akana, ndipo mkazi wa mfumuyo amupulumutsa. Shanmugam, amene wangoona Mohana akulowa m'chipinda cha mfumu, agamula kuti mkaziyo wadzigulitsa. Mohana athawa, adzitsekera m'chipinda, amangirira chingwe kudenga. Mfumu iulula zoona, Shanmugam athamanga, athyola chitseko, ndipo nkhani itha ndi ukwati.

Tsopano tiunike umboni, monga amachitira pabwalo la milandu. Kodi Shanmugam anali ndi chiyani m'manja pamene ankagamula? Anali ndi chimene maso ake anaona kwa kamphindi: mkazi akulowa pakhomo. Kumbali inayo kunali zonse zimene ankadziwa za Mohana. Ankadziwa kuti anakana Nagalingam, ndipo chipsera cha mpeni pathupi pake chinali chikumbutso cha mkwiyo wa mwamuna wokanidwayo. Ankadziwa kuti Mohana anasemphana ndi mayi ake omubereka chifukwa cha iye. Ankadziwa kuti Vaithy ndi wabodza, popeza iye ndi gulu lake analawako nkhanza za tambwaliyo. Anamva ndi makutu ake mkaziyo akumulirira m'nyimbo pamaso pa anthu. Zonsezi zinapepuka ngati mankhusu pamene anaona khomo limodzi likutsekeka. Ndipo aka sikanali koyamba kumukayikira. Munthu amene amataya umboni wa miyezi yambiri chifukwa cha kuona kwa mphindi imodzi, ndiye kuti chigamulo anali nacho kale mumtima, ankangodikira pokolowekera.

Chotipweteka kwambiri ndi njira imene Mohana ayeretsedwera. Mawu ake sakwanira. Iye akanena kuti sanalakwe, akungodziteteza. Chimene chitembenuza mtima wa Shanmugam ndi mawu a mfumu, mwamuna yemwe uja amafuna kumuchita chipongwe. Taganizani bwino za dongosolo limeneli. Wolakwiridwa sakhulupiriridwa, koma wolakwa akangotsegula pakamwa mlandu watha. Mfumuyo ikanakhala yosachita manyazi, kapena ikanangochedwa ndi ola limodzi, chingwe chija chikanamaliza ntchito yake, ndipo Shanmugam akanapitiriza kuimba pa maukwati a anthu ena, akudziona ngati mwamuna amene ananyengedwa. Kanemayu akutiuza kuti tisangalale poti chitseko chinathyoledwa nthawi ikadalipo. Ife tikufunsa kuti anamufikitsa kuseri kwa chitsekocho ndani. Nagalingam analephera kumufikitsa kumeneko. Mfumu, ndi chuma chake chonse, inalephera. Amene anatha kumuswa mtima mpaka kufuna imfa ndi yemwe ankamukonda. Pamapeto Vaithy ndi Nagalingam amangidwa, pamene Shanmugam alandira mkwatibwi.

Kukayikira kwa Shanmugam sikunachokere m'mutu mwake mokha. Kuli ndi mbiri, ndipo mbiri imeneyo kanemayu amangoilambalala. Kwa zaka mazana ambiri kummwera kwa India, gule amene lero akutchedwa Bharatanatyam ankavinidwa ndi akazi a mabanja ena ake, otchedwa devadasi, ndipo dzina lake linali sadir. Mtsikana wa banja lotere ankaperekedwa ku kachisi pa mwambo womumanga kachizindikiro m'khosi, ndipo kuyambira pamenepo sankaloledwa kukwatiwa monga akazi ena. Ambiri ankasamalidwa ndi amuna achuma amene anali ndi akazi awo kunyumba. Akazi amenewa ankadziwa kuwerenga, ankasunga nyimbo ndi magule, ndipo chuma chinkadutsira kwa ana aakazi. Amuna a m'mabanja ogwirizana nawo ndiwo ankaphunzitsa gule, kuimba ng'oma ndi kuimba nadaswaram. Gulu la oimba chitoliro linkatchedwa periya melam, kutanthauza gulu lalikulu, ndipo gulu la ovina linkatchedwa chinna melam, gulu laling'ono. Choncho Shanmugam ndi Mohana ndi ana a dziko limodzi, odya m'manja mwa akachisi ndi anthu achuma omwewo. Mwamuna akalowa m'nyumba ya mfumu ndi chitoliro chake, wapita kuntchito. Mkazi akalowa m'nyumba yomweyo ndi mangenjeza kumiyendo, wapita kukachimwa. Mulingo wa pawiri umenewu ndiwo Shanmugam akuyezera, ndipo kanemayu samufunsa za mulingowo.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1890, ku Madras kunabuka gulu lolimbana ndi magule a akazi amenewa. Dr Muthulakshmi Reddy, dokotala amene mayi ake anachokera m'banja la devadasi, anamenyera nkhondo m'nyumba ya malamulo ya Madras kuti mwambo wopereka ana aakazi ku akachisi uthe, ndipo lamulo loletsa mwambowo linakhazikitsidwa mu 1947. Kuteteza ana aang'ono ku moyo umene sanausankhe kunali koyenera. Koma taonani mmene katundu anagawidwira. Gule anapulumutsidwa: anapatsidwa dzina latsopano, Rukmini Devi Arundale anatsegula sukulu ya Kalakshetra mu 1936, ndipo ana aakazi a mabanja apamwamba anayamba kuvina popanda wowanyoza. Oimba chitoliro anapitiriza kulemekezedwa, ndipo T. N. Rajarathinam Pillai, amene anamwalira mu 1956, ankatchedwa mfumu ya nadaswaram. Amuna achuma amene ankasunga akazi amseri anabwerera kwa akazi awo opanda banga. Manyazi onse anatsalira akazi ovinawo. Ochepa okha, monga T. Balasaraswati, ndiwo anaima nji n'kupitiriza kuvina poyera monga anaphunzirira kwa makolo awo. Ambiri anasiya gule n'kubisa kumene anachokera.

Buku la Subbu linatuluka patangotha zaka 10 chikhazikitsireni lamulo lija, ndipo kanemayu anatuluka patatha zaka 21. Ambiri mwa oonera oyamba ankadziwa bwino lomwe kuti Mohana ndi mwana wa nyumba yotani. Kanemayu anawapatsa zonse zimene ankalakalaka za dziko lakalelo, zitoliro, mangenjeza, nsalu zonyezimira ndi zikondwerero za usiku, koma anawachotsera funso lowawa lakuti ndani ankapindula nalo. Kuti oonera amukonde Mohana, anayenera kukhala wosiyana ndi akazi onse a mtundu wake, wofunitsitsa ukwati, wokonzeka kufa kusiyana n'kukayikiridwa. Uthenga wobisika ndi wakuti mkazi wovina ndi wolakwa mpaka atasonyeza kuti ndi woyera, ndipo mtengo wa umboniwo ungathe kukhala moyo wake. Kanema amene amatamandidwa kuti analemekeza ovina anangolemekeza mmodzi, pomusiyanitsa ndi anzake.

Taonaninso mmene Vadivambal akujambulidwira. Ndi mayi wadyera, wowerenga ndalama, wotchinga chikondi cha mwana wake. Sitikuwaikira kumbuyo, kukankhira mwana kwa mwamuna amene sakumufuna ndi nkhanza. Koma mayi amenewa sanalenge msika umene akugulitsamo. Anabadwira m'dongosolo limene mkazi wovina analibe mwamuna womuvomereza pagulu, analibe munda wa kuchimuna, ndipo ukalamba ukafika chomudyetsa chinali mwana wake wamkazi. Anaona ndi maso awo chimene chimachitikira wovina amene kukongola kwamuthera. Kanemayu akuwasenzetsa tchimo la dongosolo lonse, pamene ogula akuwapeputsira. Mfumu ya ku Madhanpur, imene inafuna kukakamiza mlendo wake m'nyumba mwake momwe, imaliza nkhani ngati munthu waulemu amene wanena zoona. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Wolemba nkhani anaopa kuswa mkhate, ndipo ndodo yonse inagwera mayi wokalamba ndi tambwali wosauka.

Otsutsana nafe adzati tikuweruza kanema wa 1968 ndi maso a lero. Yankho lathu ndi lakuti maso amenewa analipo kale m'dziko la Tamil lomwelo. Mu 1936, zaka 32 kanemayu asanatuluke, Moovalur Ramamirtham, mayi amene anakulira m'dongosolo la devadasi n'kulituluka, anasindikiza buku lotchedwa Dasigal Mosavalai, limene linaika poyera mmene atsikana ankakodwera mu ukonde umenewu. Gulu la Periyar E. V. Ramasamy, limene Ramamirtham anali membala wake, linali litayamba kale m'zaka za m'ma 1920 kufunsa chifukwa chimene kudzisunga kumalamulidwa kwa akazi okha. Mu 1967, chaka chimodzi kanemayu asanatuluke, chipani cha DMK, chimene chinaphuka kuchokera ku gulu lomwelo, chinatenga boma ku Madras. Nagarajan ndi anzake sankakhala m'dziko losadziwa mafunso amenewa. Anasankha kuwasiya panja chifukwa nkhani yopanda mafunso imakoma msanga.

Ena adzati kanemayu ali kumbali ya Mohana, popeza akuonetsa poyera kuti Shanmugam analakwa ndipo analapa. N'zoona kuti woonera amadziwa kuti Mohana ndi wosalakwa. Koma kulapa kumayezedwa ndi chimene munthu wasiya. Shanmugam walapa chifukwa wapeza kuti ulendo uno anaphonya. Sanasiye kudziyesa woweruza. Palibe pamene akuvomera kuti analibe ufulu wogamula asanafunse, ngakhale zimene anaonazo zikanakhala zovuta kuzimasulira chotani. Ndiye tsiku lina mkazi wake akadzaitanidwa kukavina kwa munthu wina wachuma, kapena akadzachedwa kubwera kunyumba, adzamuyeretsa ndani? Mfumu sidzakhalapo nthawi zonse. Kanemayu atha pa tsiku la ukwati chifukwa tsiku lotsatira lake likanavuta kulijambula.

Ndipo alipo ambiri, mwina ochuluka kuposa onse, amene adzati nsanje ndi mchere wa chikondi, kuti mwamuna wosachita nsanje ndiye kuti sakonda. Apa ndi pamene kanemayu waononga kwambiri, chifukwa bodza limeneli waliveka nkhope ya Sivaji Ganesan ndi kulira kokoma kwa chitoliro. Ukali wa Shanmugam ukuonetsedwa ngati mbali ya luso lake, ngati kuti katswiri ayenera kukhala ndi moto umene umaotcha amene ali pafupi. Mnyamata woonera amaphunzira kuti kunyoza mkazi ndi chizindikiro cha mtima wozama. Mtsikana amaphunzira kuti kunyozedwa ndi gawo la kukondedwa, ndipo kuti akapirira mokwanira, chitseko chidzathyoledwa nthawi yake. Kunja kwa kanema zitseko zambiri zimathyoledwa mochedwa. Kumuganizira munthu zoipa popanda umboni ndi kumulanda dzina, ndipo dzina la mkazi likalandidwa silibwerera lonse, ngakhale wolandayo atagwada. Chikondi chimafunsa chisanagamule, ndipo chikafunsa chimamvetsera yankho.

Tisaiwale kuti m'zolemba za Tamil wovina wokayikiridwa ndi munthu wakalekale. M'ndakatulo yaitali yakale ya Silappatikaram, imene imati inalembedwa ndi Ilango Adigal, muli Madhavi, wovina wa mumzinda wa Puhar. Kovalan anasiya mkazi wake Kannagi n'kukakhala ndi Madhavi mpaka chuma chake chinatha. Tsiku lina pa chikondwerero, m'mbali mwa nyanja, awiriwa anaimbirana nyimbo, ndipo Kovalan anamva m'nyimbo ya Madhavi mwamuna wina amene kunalibe. Ananyamuka osafunsa. Mwamuna amene anasiya mkazi wake wa ukwati ndiye anakayikira kukhulupirika kwa mnzake. Komatu ndakatulo yakaleyo sinamupatse Kovalan mphoto. Njira imene anatenga inakathera ku imfa yake ku Madurai, ndipo Madhavi anasiya gule n'kusankha moyo wodzipatula. Wolemba wakaleyo anadziwa kuti kukayikira kopanda maziko kumagwetsa nyumba. Kanema wa 1968 anatenga chilonda chomwecho n'kuchiphimba ndi maluwa a ukwati.

Sitikunena kuti kanemayu atayidwe. Aonedwe, chifukwa muli nyimbo za amisiri amene anapita, ndipo muli chithunzi cha moyo wa oimba oyendayenda, nthabwala zawo za m'sitima ndi njala yawo, chimene n'chovuta kuchipeza kwina. Koma aonedwe ndi maso otsegula, ndipo asiye kutchedwa chitsanzo cha chikondi. Ngati m'nkhaniyi muli munthu wofunika kumutsanzira, ndi Mohana pamene akukana mfumu m'nyumba yake yomwe, ali yekha, wopanda womuteteza. Ndi mkazi wa mfumu uja, amene anaona mkazi mnzake ali pamsampha n'kumumasula m'malo momuda. Amenewa anachita zolungama pa nthawi imene zinali zovuta. Shanmugam anachita zolungama zitaphweka, atauzidwa ndi mwamuna mnzake. Oonera amene akufuna kuombera m'manja aombere akazi awiriwo. Ndipo aliyense amene anagamulapo za mkazi chifukwa cha khomo limene anamuona akulowa, adzifunse funso limene kanemayu sanamufunse Shanmugam: unamufunsa mwini wake, ndipo atayankha unamukhulupirira?